Muvi wa mvula

Ndinali kusita ovolosi ya bambo a Halimah pamene mwanayo analowa, kalata ili m'manja. Unali mwezi wa Julaye, 1996, m'zipinda zathu ziwiri za lendi ku Verulam, pafupi ndi Durban.

"Amayi, andipatsa malo ophunzirira ntchito. Miyezi isanu ndi umodzi."

"Alhamdulillah. Kuti?"

"Kufakitale ya shuga. Kwa Ababa."

Ndinaimika simbi pambali.

Halimah ndi mwana wathu yekhayo, ndipo ankaphunzira uinjiniya kukoleji m'tauni ya Durban. Bambo ake, a Kasim, anachoka ku Mangochi ali mnyamata, ndipo anali atatha zaka makumi awiri pa boila ya fakitaleyo. Moto wa boila umadya makoko a nzimbe zofinyidwa, n'kuwiritsa madzi, nthunzi yake n'kuyendetsa makina onse. Ntchito yawo inali kusunga mphamvu ya nthunziyo pamlingo wake. Tsopano fakitale inkaika makina oti azichita zimenezi okha, ndipo a Kasim anali atauzidwa kale kuti chaka chamawa adzawasamutsira kosungira zipangizo. Halimah ankapita kukathandiza oika makinawo.

A Kasim atamva, anangoti zili bwino. Loweruka anamugulira nsapato zachitsulo kumphuno, ndipo popeza zinali zazikulu, anakhala pakhomo n'kumapindira nyuzipepala m'kati mwake mpaka zinamukwana. M'mawa uliwonse ankakwera minibasi imodzi, akulankhula Chizulu monga aliyense, Chichewa n'kuchisiya pakhomo.

Lamulungu lina mu Seputembala, Halimah anayala pepala lalikulu patebulo. Bambo ake anali kumwa tiyi.

"Ababa, bwerani muone ntchito yanu."

"Ntchito yanga ndimaiona tsiku ndi tsiku. Siioneka choncho."

"Ichi ndi chithunzi cha mabokosi. Bokosi lililonse limalandira china n'kutulutsa china, ndipo mivi ikuonetsa kumene uthenga ukupita. Apa poyambira pali setipointi, mphamvu ya nthunzi imene tikufuna. Ili ndi boila. Ili m'munsili ndi sensa, imayeza nthunzi n'kubweza uthenga poyambira paja. Kubwezako ndiye fidibaki. Kabwalo aka kamayerekeza chimene tikufuna ndi chimene chilipo."

"Nanga ine ndili pati?"

"Apa, kontirola. Nthunzi ikatsika, imawonjezera makoko. Ikakwera, imachepetsa. Zaka zonsezi, Ababa, mwakhala kabokosi aka basi."

Ananena akuseka, ndipo bambo ake anaseka nawo.

"Kabokosi komwa tiyi wa masipuni atatu," anatero.

Koma ine ndinali kuwaona. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, chala chawo chili pamwamba pa bokosi la boila, pamene panalibe cholembedwa chilichonse.

"Pali chimene ndaiwala?" Halimah anafunsa.

"Wophunzira ndiwe," anayankha. Anatenga kofia n'kupita kumzikiti nthawi ya swala isanakwane.

Mu Novembala kunagwa mvula masiku atatu. Lachinayi la sabata imeneyo, injiniya wamkulu analola Halimah kuyesa kontirola pa boila imodzi, monga mwanayo anaikonzera yekha. Halimah anabwera kunyumba madzulo atanyowa, ndipo sanadye. Bambo ake atatuluka kukasamba, anandiuza.

"Nthunzi inatsika, Amayi. Kontirola inawonjezera makoko, monga ndinailembera. Koma nthunzi inangotsikabe. Inawonjezeranso, utsi unada bii, makina anayamba kuima. Ababa ndi amene anazimitsa kontirola n'kubweza moto pamanja."

"Ndiye a injiniya ati chiyani?"

"Ati iwo akudziwa chalakwika, koma sandiuza. Lolemba ndibwere ndi chithunzi choonetsa chimene chikusowa. Ndikalephera sasaina lipoti langa, ndipo popanda lipotilo dipuloma kulibe chaka chino."

"Wawafunsa bambo ako?"

Anapukusa mutu. "Eish, Amayi. Anthu onse anaona akundikonzera. Ndiyambira pati?"

Lachisanu anayeza sensa ndi mawaya ake onse, osapeza vuto. Loweruka m'mawa anakhalanso patebulo, akufufuta ndi kulemba. Ine ndinatsatira bambo ake panja, pamene ankamanga zingwe za nsapato kuti apite kuntchito.

"Bambo a Halimah, tsiku lija la pepala, munaona chimene chikusowa?"

Anamanga nsapato imodzi, kenako inayo.

"Ndinaona."

"Ndi mwana wanu," ndinatero.

Amuna anga si munthu womukankha. Ndinalowa m'nyumba, ndipo pa swala ya masana ndinapempha Allah kuti afewetse mitima ya awiriwa, popeza ndi Iye amene anaipanga yofanana.

Lamulungu titadya masana, a Kasim anatulutsa timapepala tiwiri tapulasitiki m'chikwama chawo chakuntchito, n'kutiika pafupi ndi chithunzi chija. M'menemo munali makoko a nzimbe.

"Finya awa."

Halimah anafinya. Anali opepuka, anangoyoyoka.

"Tsopano awa."

Anafinya, ndipo makokowo anagwirana, dzanja lake linanyowa.

"Amenewo ndi a Lachinayi," anatero bambo ake. "Nzimbe ikabwera ndi mvula ndi matope, makoko ake sauma. Ukawathira ambiri, ukuzimitsa moto. Kabokosi kako kankaona nthunzi ikutsika, n'kumathirabe madzi pamoto."

Halimah anayang'ana dzanja lake. Kenako anatenga pensulo n'kujambula muvi wochokera pamwamba, kulowa m'bokosi la boila.

"Disitabensi," anatero motsitsa mawu. "Chosokoneza chochokera kunja. Tinaphunzira chaka choyamba, Ababa. Ine ndinkangoyang'ana mageji oonetsa mphamvu ya nthunzi m'chipinda choyendetsera makina, sindinatuluke n'komwe kukaona lamba wonyamula makoko kupita pamoto."

"M'chipindamo mvula siigwa."

"Nanga inu mumatani?"

"Sindidikira geji. Geji imanena zimene zachitika kale. Ndimapita palamba, n'kugwira makoko. Ndikamva chinyezi, ndimatsegula mpweya, n'kuitanitsa ouma a m'shedi kuti tisakanize. Singano isanagwedere, ine ndatha kale."

"Imeneyonso ili ndi dzina lake. Fidifowadi."

"Ine ndimati kugwira makoko."

Anaseka onse awiri, nthawi yoyamba sabata imeneyo. Halimah anajambula bokosi lina la choyezera chinyezi, ndi muvi wopita ku kontirola. Anawafunsa mphindi zimene makoko amatenga kuchoka palamba kufika pamoto, iwo n'kumayankha, iye n'kumalemba m'mbali. Ndinawaikira tiyi, koma anazizira osamwedwa.

Atamaliza, Halimah anaika pensulo pansi.

"Ababa, mawu aja ndinanena a kabokosi..."

"Dikira." A Kasim anavula kofia n'kuigwira ndi manja awiri. "Amayi ako amvenso. Tsiku lija unandifunsa ngati pali chimene waiwala. Ndinaona kuti mvula mulibe. Ndinakhala chete chifukwa mawu ako anandipweteka, ndipo ndinafuna kuti makinawo achite manyazi. Sindinaganize kuti amene adzaime pamaso pa anthu ndi iwe. Lachinayi ndinakuona nkhope, ndiye ndinakhalanso chete masiku awiri. Ndinalakwa, mwanangu. Ndikhululukire."