Mapaipi a Bambo Zahran

Muhanna anali munthu wosakhutitsidwa, ndipo mzinda wonse wa Sohar unkadziwa. Galimoto yake yofiira ija, ya zitseko ziwiri, inkathamanga liwiro loti munthu n'kulapa, koma iye ankangoti ikukwawa. Ndiye anapita nayo kugalaja ya Dadshah, makaniko amene anyamata othamangitsa galimoto ankamudalira.

Dadshah sanasewere nayo. Anakuza mabowo a masilinda, anaika mapisitoni opirira kutentha, n'kumangirira matebo awiri oti aziumiriza mpweya kulowa mu injini. Koma kuti matebowo apeze malo, mapaipi akale otulutsa utsi anayenera kuchoka.

"Anapinda mapaipi awa ndani?" anafunsa Dadshah akuseka. "Lina lalitali, lina lalifupi. N'chifukwa chake injini yako imalira ngati nkhalamba yodwala chifuwa."

"Bambo anga, galimotoyi idakali yawo. Ankathira mchenga m'kati n'kumapinda pamoto. Dula, m'bale wanga, zachikale izo."

Bambo akewo, a Zahran, mutu unali utawathawa. Ankaiwala mayina a adzukulu, ankaiwala kuti adya, tsiku lina anafunsa kumene kwapita akazi awo amene anawaika m'manda okha. Koma Lachisanu lililonse, mapemphero akatha, Muhanna ankawapeza ataima pageti atatambasula manja, akuti, "Wafika mwana uja." Pa ana awo onse, ndi iye yekha amene ankamuzindikirabe, ndipo Muhanna, wodzimva ameneyu, ankaganiza kuti n'chifukwa cha nkhope yake.

Lachisanu limene anatenga galimoto kugalaja, mphamvu yake inali itawirikiza. Akangoponda pang'ono, msana unkamatirira kumpando. Kukhosomola kuja kunatheratu, matebo anakumeza, kunangotsala kaphokoso kosalala ndi kamluzu. Anafika kwawo akumwetulira yekha, koma pageti panalibe munthu.

Mlongo wake Shamsa ndi amene anatsegula. "Mwabwera wapansi, achimwene? Sitinakumveni."

"Ababa ali kuti?"

"Kuchipinda cha alendo. Akhala akutchera khutu kumsewu chichokereni kumzikiti."

Muhanna analowa, n'kuwerama kuti awapsompsone pamutu monga mwa masiku onse. A Zahran anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kumupatsa dzanja mwaulemu.

"Takulandirani. Mwayenda bwanji? Kwanu kuli bwino? Khalani apa, pabwino apa."

Muhanna anaseka, akuyesa ndi nthabwala. Anatambasula dzanja kuti atenge ketulo ya khofi, poti m'nyumba ya bambo, mwana ndi amene amathira. Mkulu uja anamutsekereza.

"Iyayi, mlendo sathira khofi m'nyumba muno."

A Zahran anaimirira, ketulo kumanzere, kakapu kumanja, n'kumuthirira. Kenako anamukankhira mbale ya zipatso za kanjedza, n'kuima pambali kudikira kuti amwe. Sanamufunse dzina, chifukwa munthu wolemekezeka safunsa mlendo dzina asanamwe.

Mantha anamugwira Muhanna, mantha enieni, oti kuyambira ali mwana sanawamvepo. Anayang'ana kukhomo, kumene Shamsa anaima atagwira pakamwa.

"Ababa, ndine. Ndine Muhanna."

"Oo, ndinu mnzake wa dzina wa mwana wanga," anatero a Zahran mokondwa. "Akubwera ameneyo. Mumumva akadali kutali, galimoto yake imalira mwa yokha. Ndinaipindira ndekha mapaipi."

Khofi anatayikira pa mkanjo woyera wa Muhanna, iye osamva n'kutentha komwe. Anatuluka panja, n'kuimbira Dadshah foni.

"Dadshah, mapaipi aja ali kuti?"

"Ati? Achifuwa aja? Ndinawadula zidutswazidutswa, unandiuza wekha. Anatengedwa ndi lole ya zitsulo zakutha."

"Chotsa matebo. Undipindire ena ofanana ndi omwe aja."

Dadshah anamva kuti mawuwo sanali a munthu wocheza. "Kupinda ndipinda, m'bale wanga. Koma lililonse linali ndi kutalika kwake, ndipo kulira kuja kunkachokera pamenepo. Ine sindinayeze. Masilinda nawonso ndinakuza, chitsulo chikapalidwa sichimeranso. Ukafunse amene anawapinda, mwina akukumbukira."

Muhanna anangotsitsa foni. Kufunsa ndani? Munthu amene ankadziwa anali m'nyumbamo, akupukuta kakapu ka mlendo.

Analowa m'galimoto, n'kuiliza, n'kuponda mafuta mpaka pansi. Injini inabangula bwinobwino, mosalala, matebo akuimba mluzu. Anapondanso kachiwiri, misozi ikutsika, mpaka ana a nyumba zoyandikana anatuluka kudzaonerera. Anazimitsa ataona bambo ake akubwera pang'onopang'ono, Shamsa atawagwira pachigongono.

A Zahran anaizungulira galimotoyo, n'kuisisita pa boneti ndi chikhato.

"Galimoto yabwino, bambo. Injini yake ndi yamphamvu, amene anaikonza amadziwa ntchito." Anasuzumira pawindo, akuoneka kuti akuchita manyazi kupempha. "Koma mutaisuntha pang'ono mungandithandize. Apa pamaima mwana wanga."

Muhanna anaisuntha. Ataiimika kutsidya kwa msewu, anaona pagalasi bambo ake ataima pageti padzuwa lonselo, mutu ataupendeketsa, akumvetsera kumene kumachokera magalimoto.