Goli la a Cathcart ndi Mayi Brandvold

Linali Lachiwiri, pa 9 Meyi 1939, tsiku limene ndinapita kukakonza masitepe a pakhonde la Mayi Ottilie Brandvold kuno ku Coldwater. Amene anandiuza nkhaniyi ndi a Jubal Cathcart, mkulu wa zaka 75 amene amakhala tsidya la msewu. Anabwera osaitanidwa, ati kudzandigwirira matabwa, koma ntchito imene anagwira kwambiri inali ya pakamwa. Ine ndine mmisiri wa matabwa, sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndingoyala nkhaniyi mmene inayendera.

Mayi Brandvold sanayambire ku Nyumba ya Malamulo. Anali mzamba, ndipo theka la anthu a m'tauni muno anabadwira m'manja mwawo. Ana atatu atamwalira chifukwa cha madzi a pachitsime cha kusukulu, anasonkhanitsa amayi anzawo n'kukakhala pakhomo pa ofesi ya tauni tsiku ndi tsiku mpaka chitsimecho chinamangidwa n'kuvundikiridwa. Atatha zimenezo anayambitsa laibulale m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zitsulo, kenako anakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'komiti ya sukulu. Kuno kwathu amayi anali atayamba kale kuvota pamene zigawo zambiri za Amerika zinali zisanalole, ndiye mu 1918 anthu anati, "Mayi amenewa apite akavutitseko a kulikulu, ife tipumeko." Anawasankha kukhala phungu.

Analowa m'Nyumba ya Malamulo ya chigawo chathu mu Januwale 1919, mayi mmodzi yekha pakati pa amuna 64. Mipando ankaigawa potsata zilembo za mayina, choncho Brandvold anapezeka moyandikana ndi Cathcart. A Jubal anali phungu wa oweta ng'ombe a kumtunda kwa mtsinje, chimunthu chachikulu, ndevu zofiirira ndi fodya wotafuna. Pakati pa madesiki awiriwo panali chitini cholavuliramo. M'mawa uliwonse Mayi ankachikankha ndi nsapato kupita kwa a Jubal, a Jubal n'kuchibwezera pakati. Palibe amene ankachitchula.

Tsiku loyamba lenilenilo a Jubal ananena mokweza kuti onse amve: "Nyumba inoyi inali ya mtendere isanalowe nkhuku yathadzi."

Mayi sanatembenuke n'komwe. Anati, "Khola la atambala okhaokha, Bambo Cathcart. N'chifukwa chake zaka zonsezi simunaikirepo dzira."

Aphungu anaseka mpaka Sipikala anamenya tebulo. A Jubal akuti kuyambira tsiku limenelo ankadzuka m'mawa akuganizira choti akawanene mayiwo, ndipo ntchito inayamba kuwakomera.

Mayi Brandvold anali ndi bilu imodzi yokha imene anaiika pamtima. Inkati dera lililonse lilembe namwino woyendera amayi oyembekezera ndi makanda m'mafamu akutali. A Jubal ndi anzawo ankaikana, ati msonkho wake ugwera pa anthu a ng'ombe, komanso boma lilibe gawo m'chipinda chogona cha munthu.

"Mayi anga anabereka ana khumi popanda namwino wa boma," anatero a Jubal tsiku lina ali chiimire.

"Anakula angati?" anafunsa Mayi.

A Jubal anayang'ana kudenga. "Asanu ndi mmodzi."

"Ndiye khalani pansi."

Voti inaikidwa Lachinayi pa 20 Febuluwale, tsiku lomaliza loti bilu zatsopano zidutse m'Nyumbamo. Ikalephera tsiku limenelo ndiye kuti mpaka patapita zaka ziwiri. Lolemba la mlungu womwewo m'mawa kunabwera telegalamu yochokera ku Coldwater. A Halvor, amuna awo a Mayi Brandvold, anali atagona ndi fuluwenza imene inkapha anthu chaka chimenecho, ndipo dokotala ankati afulumire.

M'Nyumbamo munali mwambo wakale. Phungu akafuna kuchoka voti isanachitike, ankapeza mnzake wa mbali yotsutsa n'kupangana naye kuti nayenso asavote. Mbali zonse zinkachepa ndi munthu mmodzi, palibe wobera mnzake. Ankati kumangana awiri. Onse ankasaina kapepala n'kukapereka kwa mlembi wa Nyumba.

Mayi anayenda kwa aphungu atatu otsutsa. Woyamba anati aganize kaye. Wachiwiri anazembera kuchimbudzi. Wachitatu anawauza maso ndi maso kuti mwambowo ndi wa madoda. Ndiye anabwerera pampando pawo, chikwama chili kale m'manja.

"Bambo Cathcart, a Halvor ali mwakayakaya. Sitima inyamuka 2 koloko. Ndikufuna munthu womangana naye."

"Ine pagoli limodzi ndi inu? Tikalima mzere wokhota."

"Simulima chilichonse. Ntchito yake ndi kutseka pakamwa kamodzi kokha. Ndikudziwa kuti kwa inu ndi ntchito yolemetsa."

A Jubal sanandibisire chimene chinali m'mutu mwawo. Anawerenga mwamsanga n'kuona kuti mbali yawo ikuposa ndi mavoti atatu, ndiye chifundocho sichikanawadyera kanthu. Koma akuti anaonanso china. Mayi ankafuna kulasa chipewa chawo ndi phini kuti chigwire tsitsi, ndipo manja amene anagwira makanda mazanamazana ankangophonya ndi phiniyo. A Jubal anakoka pepala n'kusaina. Mayi anasainanso, anagwirana chanza.

Mayi anati, "Mukalipereke kwa mlembi. Ine nthawi yanditsalira yochepa."

"Pitani, Mayi. Mukawauze a Halvor kuti asafe, chifukwa mukatsala nokha mudzatimaliza tonse kuno."

Mayi anaseka pang'ono, misozi ili m'maso, n'kutuluka. A Jubal anapinda pepalalo, analiika m'thumba la jekete momwe munali fodya, ndipo analiiwala.

Lachinayi m'mawa Nyumba inali ndi mipando yambiri yopanda anthu. Fuluwenza inali italowa m'hotelo imene aphungu ambiri ankagona. A mbali ya a Jubal anagwa asanu, a mbali ya Mayi mmodzi. A Jubal akuvula chikhoti m'chipinda chopachika zovala, anawagwira pamkono a Chester Loomis, mtsogoleri wa mbali yawo, munthu wochepa thupi wolankhula motsitsa.

"Jubal, ndawerenga kawiri. Iwo ali 29. Ife tili 28 popanda iwe. Ukavota tifanana, ndipo mavoti akafanana bilu yagwa."

"Ine ndinamangana ndi Mayi Brandvold."

"Ndachokera kwa mlembi. Alibe pepala lililonse."

A Jubal anapisa m'thumba. Pepala linali momwemo, litadetsedwa ndi fodya. A Loomis ataliona anamwetulira.

"Basi, Mulungu amakonda ng'ombe. Pepala losafika kwa mlembi si pangano. Mbaula ndi iyo apo."

"Ndinawagwira chanza, Chester."

"Chanza cha mzimayi. Iyeyo mwambowu sakuudziwa n'komwe. Akabwera udzangoti pepala linasochera."

"Ng'ombe zanga zonse ndagulitsa ndi chanza chokha, popanda pepala. Dzanja la mayi uja linali ndi zala zisanu ngati langali."

A Loomis anasiya kumwetulira. "Tamvera, mkulu. Anakuika pampando umenewu ndi anthu a ng'ombe. Lamuloli likadutsa chifukwa cha iwe, chaka cha mawa adzaika wina. Ine sindidzatha kukuteteza, ndipo sindidzayesa."

A Jubal ankadziwa kuti si zoopseza chabe. Mpandowo anali ataukhalira zaka khumi ndipo ankaukonda. Ankakonda kukwera sitima anthu akuwavulira zipewa. Ankakonda kuimirira n'kumva mawu awo akudzaza chinyumba chonsecho. Ndiponso biluyo ankaidabe, maganizo awo anali asanasinthe ngakhale pang'ono. Analowa m'Nyumba pepala lili m'thumba, osaliotcha, osalipereka.

Anakhala pansi. Kumanzere kwawo mpando unali wopanda munthu. Anayang'ana pansi n'kuona kuti chitini chija chili kumbali yawo, pamene Mayi anachikankhira Lolemba m'mawa. Masiku atatu onsewo anali asanachibwezere pakati. Akuti sankadziwa chifukwa chake.

Anthu analankhula, ena mokomera, ena motsutsa. A Jubal, amene sankalola mtsutso kudutsa osaponyapo mawu, anangokhala duu. Kenako Sipikala anati mlembi aitane mayina.

"Brandvold."

Zii. Mlembi anaitananso, n'kulemba kuti palibe.

"Cathcart."

A Loomis anatembenuka pampando pawo. A Jubal anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anatulutsa pepala lija n'kuliwongola pa desiki ndi chikhatho.

"A Sipikala, ine ndinamangana ndi phungu wa ku Coldwater. Pepala ndi ili. Kulakwa ndi kwanga, ndinaliiwala m'thumba. Mayiwo akanakhalapo akanati inde. Ine ndikanati ayi, ndipo ndikanakuwa kuti amve mpaka kumsewu, chifukwa biluyi ndi yopusa. Koma sindivota."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Thadzi lakukhalira, Jubal!"

"Bwera udzanenere pafupi," anatero a Jubal, n'kukhala pansi.

Mayina anapitirira mpaka kumapeto. Inde 29, ayi 28. Bilu inadutsa, ndipo patapita milungu iwiri Nyumba yachiwiri ya Malamulo, imene imaunikanso mabilu odutsa m'Nyumba yoyambayi, inaivomerezanso.

Mayi Brandvold anafika ku Coldwater Lachiwiri m'mawa. A Halvor anawazindikira, analankhulana, anamwa msuzi pang'ono kuchokera m'manja mwawo. Anamwalira Lachisanu. Patatha mlungu Mayi anabwerera kulikulu atavala zakuda. Anakhala pampando pawo, anavula magolovesi, n'kuyang'ana kutsogolo.

"Ndamva zimene munachita," anatero.

"Sindinachite kanthu. Ndi zimene tinapangana, kusachita kanthu."

"Ndamvanso kuti munati bilu yanga ndi yopusa."

"Ndi yopusadi."

"Ndinakhala nawo masiku atatu, Bambo Cathcart. Pakanapanda inu, mwina ndikanadikira voti. Ndikanawapeza atapita."

A Jubal anapisa m'thumba. Anatulutsa fodya, anamuyang'ana, n'kumubwezera m'thumba. Akuti tsiku limenelo sanalavule mpaka madzulo, ndipo anatsala pang'ono kudwala.

A Loomis sananame. Pachisankho cha 1920 oweta ng'ombe anaimika munthu wina, ndipo a Jubal anagwa moti ngakhale msuweni wawo sanawavotere. Mayi Brandvold anasankhidwanso katatu. Anamenyera lamulo la mabuku aulere m'sukulu ndi la chithandizo cha amayi amasiye, lina anapambana, lina analephera. Nthawi zonse akakhala ndi bilu yatsopano ankaitumiza kufamu ya a Jubal ndi kakalata kakuti, "Ipezereni zolakwa." A Jubal ankaibweza itadzaza ndi zolemba za pensulo ndi mawu oti sindingawabwereze pano. Mayi akuti ankakonza theka la zimene auzidwa, theka linalo n'kunena kuti ndi nsanje ya tambala wopuma ntchito.

A Jubal atakalamba anasiyira ana awo famu n'kugula nyumba m'tauni muno. Amati inali yokhayo imene inkagulitsidwa. Ine ndikudziwa kuti chaka chimenecho zinalipo zinayi.

Ndinawafunsa ngati sanadandaulepo ndi mpando uja.

"Ndinadandaula zedi," anatero. "Zaka ziwiri ndinkalusira ng'ombe zosalakwa. Koma ndikanaotcha pepala lija, ndikanakhala naye bwanji pafupi mayi ameneyu, m'mawa uliwonse akundikankhira chitini? Gwira bwino thabwalo, lapendekeka."

Amene anagwira thabwalo anali iwowo, koma sindinawatsutse.

Pomwepo zenera la kukhitchini linatseguka, Mayi Brandvold n'kusuzumira, tsitsi loyera mbee, magalasi ali pamphuno.

"Amuna inu, masitepewo mukukhoma ndi malilime? Bambo Cathcart, namwino afika kwanu 3 koloko kudzakumvani pachifuwa. Musathawirenso kumtsinje ngati mwezi watha."

"Mwaona?" anatero a Jubal akundiyang'ana. "Ndinanena ine mu 1919 kuti lamulo limeneli lidzalowerera anthu m'zipinda. Mtsikanayo akufuna ndisiye fodya."

"Mukanavota," anatero Mayi. "Mpata munali nawo. Khofi wapsa, ndipo chitumbuwa cha maapulo chatsala pang'ono. Wobwera mochedwa adzanyambita mbale."

A Jubal anasiya thabwa pomwepo n'kuzungulira kukhomo la kuseri, ndodo ili m'manja, akung'ung'udza njira yonse. Ine ndinakhoma misomali inayi imene inatsala, ndinaponda sitepe iliyonse kuti ndione ngati yalimba, kenako ndinasamba m'manja pampope n'kuwatsatira kukhitchini.