Nkhanu ya m'chimbudzi

Torika, mdzukulu wanga, anali nazo zonse zoyambira sukulu ya mkaka: diresi yobiriwira yosokedwa ku tawuni ya Savusavu, kachikwama, kabotolo ka madzi. Tsitsi ndinamupesa ndekha, ndi kumudzoza mafuta a kokonati mpaka kuwala. Ine m'kalasi sindinapondemo chibadwire, choncho chimene ndikanamunyamulitsa ndi machenjezo basi. Usadye za anzako. Galu wa kwa a Peniasi usamuyang'ane m'maso. Wina akakuitana ali m'galimoto, thawa.

"Amayi, mwanayu akupita kusukulu, osati kunkhondo," anatero Venina, mwana wanga, mayi wake wa Torika.

"Iwe ukudziwa chiyani? Dziko ili lili ndi mano."

Lachisanu ana atsopano ankakaona sukulu asanayambe Lolemba. Venina anali ku ntchito kuhotela, ndiye woperekeza ndinali ine. Ndinakhala pamphasa pakhonde ndi amayi ena, maso pazenera. Ana anaimba, anawomba m'manja, anamwa tiyi. Kenaka ndinaona Torika akupana miyendo. Aphunzitsi ake, a Akanisi, anaonanso. Anamugwira dzanja kupita naye ku kachimbudzi ka kuseri, katsopano, koyera mbee, kothira madzi ndi ndowa.

Atafika pakhomo, mwana anakuwa ngati waponda moto.

"Muli nkhanu! Indikoka! Muli nkhanu!"

Ndipo anadzikodzera pomwepo chiimirire, anzake onse akuona. Diresi yobiriwira ija inada kutsogolo konse.

Nkhanu imeneyo ndinkaidziwa, poti mwini wake ndine. Chimbudzi cha kwathu chili kumatope, m'mphepete mwa nyanja, ndipo matabwa ake anadyeka ndi mchere. Torika atangoyamba kuyenda ndinamupeza atagwada m'menemo, mutu uli m'dzenje. Tsiku lomwelo ndinamuuza kuti pansipo pamakhala nkhanu yaikulu ngati nkhumba, yodikira ana. Sanayandikirenso. Ankagwiritsa ntchito chitini kuseri kwa nyumba, ine n'kumakataya. Akafunsa, ndinkawonjezera: ili ndi ana ake m'dzenje lililonse, ndipo akulu akabwera imabisala.

A Akanisi anagwada. "Wakuuza zimenezo ndani, mwanawe?"

"Bubu." Umo ndi momwe amandiitanira, poti kwathu kuno agogo timawatchula choncho. Analoza ndi chala chomwe.

Khonde lonse linatembenukira kwa ine. Ulamila, mnzanga wa paubwana amene pakamwa pake sipatsekeka, anayamba ndiye.

"Lanieta, iwe! Nkhanu yonseyo ukudya wekha? Bwera nayo tiphike ndi mkaka wa kokonati, mudzi wonse ukhute!"

Anaseka mpaka ena kugwa chammbali. Ine ndinangoyang'ana zala za kumapazi anga.

A Akanisi ananditengera pambali. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Bubu Lanieta, ana ndi ambiri, ine ndili ndekha. Ngati Lolemba sadzatha kulowa yekha, adikire chaka chamawa."

Chaka chamawa! Anzake onse akuimba m'kalasi, iye ali pakhomo ndi nkhalamba ndi chitini.

Madzulo Venina anachapa diresi ija. Poyanika ndi pamene anati, "Nkhanuyo munaiika ndinu, Amayi. Muichotsenso ndinu."

Loweruka ndinayesa. Tinali kusenda chinangwa.

"Torika, wamva? Nkhanu ija inafa."

"Nanga ana ake?"

"Anasamukira kunyanja."

"Mwaona bwanji? Munati akulu akabwera imabisala. Inu simungaione, Bubu."

Paliponse pamene ndinkafuna kutulukira, ndinkapeza kuti ndinatsekapo kale ndekha.

Sukuluyo ili pafupi ndi tchalitchi. Lamulungu, mapemphero atatha, ndinapempha a Akanisi monong'ona kuti anditsegulire kachimbudzi kaja. Ndinkafuna tikhale atatu basi. Koma kwathu kuno munthu sungakhote wekha. Amayi amene ankanyamula miphika ya chakudya cha masana anaitula pansi n'kutitsata, Ulamila patsogolo. Ngakhale a Peniasi, mkulu wa mpingo, anaima chapatali ngati akuyang'ana mitambo.

Ndinalowa. Mawondo angawa sagwada msanga, koma ndinagwada, ndi diresi yanga yoyera ya kutchalitchi. Ndinapinda mkono wa diresiyo, n'kulowetsa dzanja m'madzi mpaka m'chigongono. Kumbuyo kwanga wina anati "Mayo!" wina n'kutseka pakamwa ndi nsalu.

"Taona, mwana wanga. Mulibe kanthu."

Torika anali pakhomo, atagwira siketi ya aphunzitsi. Anapukusa mutu.

"Ikubisala. Ikudikira inu muchoke."

Madzi anali ozizira, koma kumaso kwanga kunali moto. Njira inatsala imodzi yokha, ndipo inali yodutsa pakati pa anthu onsewo.

"Torika, nkhanu kulibe. Sinakhaleko ndi kale lomwe. Ndinakunamiza ine."



"Munanama, Bubu?"

"Ndinanama."

"Koma abusa amati onama onse..."

"Ndikudziwa zimene amanena abusa."

A Peniasi anatsokomola. Mwana anandiyang'ana nthawi yaitali, monga momwe ine ndimayang'anira mlendo wotsika basi. Anayang'ana dzanja langa, nawerenga zala ngati zonse zilipo. Kenaka anasiya siketi ija.

"Tulukani. Mugwire chitseko. Musayang'ane."

Ndinadzuka mogwira khoma, ndinatuluka, ndinagwira chitseko ndi dzanja louma. Tonse tinaima chete, amayi akuluakulu ndi mkulu wa mpingo, kumvetsera. Patapita kanthawi kunamveka kaphokoso ka madzi, kakang'ono. Amayi anawomba m'manja ngati kwafika mfumu.

"Lanieta, dzanja ilo ulisambe katatu," anatero Ulamila, "usanayandikire mphika wanga."

Torika anatuluka akukonza diresi. Sanabwere kwa ine. Anapita kwa a Akanisi n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Bubu wanga amanama."

Lolemba m'mawa ndinamuperekeza. Panjira pali mtsinje umene timawolokera pamatabwa awiri, ndipo nyanja ikadzaza madzi amalowa m'menemo ndi mphamvu. Tsikulo anali atakwera, akuda, akuthamanga. Torika anali patsogolo, kachikwama kakudumpha kumsana.

"Ima! Usayende m'mbali. Madzi awa amakoka munthu."

Anatembenuka.

"Zoona, Bubu? Kapena ndi za nkhanu?"

Ndikanalumbira pa chiyani? Ndinangomugwira dzanja, ndi dzanja lomwe lija, mwamphamvu mpaka anadandaula kuti ndikumupweteka. Tinawoloka. Pageti anandisiya osacheuka, n'kuthamangira kumene anzake ankaimba.

Kunyumba kunali chinangwa chosaphika ndi zovala zosachapa. Sindinapiteko. Ndinabwerera pamtsinje paja, n'kukhala pamwala tsidya la kusukulu, kudikira kuti aweruke.