Tsiku Limene a Chitsulo Anagwira Mutu

Ndikupatsani moni inu amene mwatsegula tsamba ili, ndipo ndikuyamika Mulungu amene watisungira mpweya m'chifuwa kufikira lero. Mpweya umenewu timaukoka osauganizira. Koma alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuuthamangira ukamathawa mwa munthu, ndipo nkhani iyi ndi ya mmodzi wa iwo.

Anzawo a pa ambulansi ankawatchula kuti a Chitsulo. Anali mkulu wa gulu limene limathamangira anthu ovulala kwambiri asanafike kuchipatala. Bambo ameneyu sankakhala pansi. Tiyi ankamwa chiimire. Kutchalitchi mwendo wawo unkagwedeza benchi yonse mpaka amayi a kumapeto kucheuka. Kunyumba mkazi wawo ankangoti, "Bambo, mpandowu suluma."

Sabata ina gulu lonse linaitanidwa ku maphunziro m'chipinda cha pamwamba pa garaja. Mphunzitsi, mayi wamfupi wa magalasi, anagoneka pansi chidole chachikulu ngati munthu. Anayatsa wailesi yotulutsa phokoso la anthu olira ndi mahutala a galimoto, nawauza kuti alowetse paipi yopumira pakhosi pa chidolecho phokosolo lili mkati.

"Mutu ukadzaza," anatero mphunzitsi, "maso amaona malo amodzi okha ndipo makutu amatseka. Tsono lamulo ndi ili. Mukayesa kawiri paipi osalowa, kachitatu si kanu. Mnzanu akugwireni paphewa, inu munene mokweza kuti, 'Ndalema, landirani.'"

A Chitsulo anali akuzungulira chidolecho, makiyi akulira m'thumba. "Amayi, imvi izi zamerera m'ambulansi. Ine ndikalema ndimakalemera kunyumba."

"Asiyeni awa," anatero adalaivala. "Ngakhale pa tsiku la chiweruzo adzapempha kuti awaweruze msanga, injini asanazimitse."

Onse anaseka. Asisitala, namwino amene ankayenda ndi a Chitsulo, ananena mawu aja monga anauzidwira. Adalaivala nawo anawanena, ndi mawu ngati a mbusa. Itafika nthawi ya a Chitsulo, iwo anayang'ana wotchi, nati ali ndi mabotolo a mpweya oti akaone pansi.

Patapita masiku, dzuwa lili pamutu, anaitanidwa kumene ankamanga nyumba yosanja. Mmisiri anali atagwa kuchokera pamwamba. Anapeza fumbi la simenti lili koboo, makina osakaniza akulirabe, anthu ataunjikana, aliyense akufuula zake. A Chitsulo anapatula anthuwo ndi chigongono, nagwada. Anayamba kuzindikira jekete, chifukwa linali lawo lomwe anachita kupereka. Wovulalayo anali mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo wamng'ono, yemwe Lamulungu lapitalo ankawanyoza kuti timu yawo ya mpira ndi ya nkhalamba.

Mlamuyo ankapuma mokoka, magazi akuchita thovu m'kamwa.

"Akulu, mukuwadziwa?" anafunsa asisitala.

"Ndipatseni paipi."

Anatsegula kamwa ndi chitsulo chounikira pakhosi. Munali magazi okhaokha. Anakankha paipi, koma inasochera. Anaitulutsa. Adalaivala anayamwa magaziwo ndi makina, asisitala napopa mpweya ndi thumba la pamphuno. A Chitsulo sanadikire. Anayesanso. Thukuta linkagwera pamphumi pa mlamu wawo. Kamakina kopanidwa pa chala cha wovulalayo kanayamba kulira motsika, motsika.

"Mpweya ukutsika," anatero asisitala.

A Chitsulo sanamve. Dziko lonse linali litasanduka kadzenje kofiira kaja. Paipi inakananso. Anaitulutsa, naipukuta pa bondo, nawerama kuti ayese kachitatu.

Dzanja la asisitala linatera paphewa pawo.

"Akulu, kawiri kakwana."

"Chotsani dzanjalo."

"Sindichotsa."

"Uyu ndi mlamu wanga!"

"N'chifukwa chake sindichotsa."

Pomwepo foni inalira m'thumba la jekete lija. A Chitsulo ankaidziwa nyimbo yake. Mlamu wawo anaiika yapadera kuti azidziwa kuti ndi mkazi wake, ndipo ankasekedwa nayo. Inalira, inaleka, inayambanso. Akamuuza chiyani mlongo wawo? Kuti mwamuna wake anamupereka m'manja mwa wina? Kapena kuti anamukakamira mpaka milomo kuda? Anayang'ana dzanja lawo. Chitsulo chounikira chija chinkagogoda mano a wovulalayo, go go go, ndipo amene ankachigwedeza anali iwo.

Mawu anatuluka ngati akusanza mwala. "Ndalema. Landirani."

Asisitala sanawayang'ane n'komwe kumaso. "Sunthani. Adalaivala, popani kaye mpweya. Akulu, bwerani mbali iyi mugwire mutu. Khosi likhoza kukhala lothyoka. Usagwedezeke ngakhale pang'ono."

Munthu amene sankatha kumaliza kapu ya tiyi pamalo amodzi anagwada m'fumbi, nagwira mutu wa mlamu wake ndi zikhatho zonse ziwiri. Thupi lonse linkafuna kudzuka, kulanda paipi, kukalipira anthu, kuzimitsa makina a simenti aja. Mwendo unayamba kunjenjemera. Anaupanikiza pansi. "Ambuye," ananong'ona, "manja awa ndi anu. Agwireni." Kenaka pakhosi pawo panayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'kwaya imene mayi awo ankaimba pochapa, yopita pang'onopang'ono, ndipo anapuma motsatira nyimboyo.

Asisitala anadikira kuti kulira kwa kamakina kukwereko. Anapempha kuti ayamwenso magazi. Anawerama, nayang'ana nthawi imene kwa a Chitsulo inali ngati chaka.

"Ndaona njira. Yalowa. Popani."

Chifuwa chinakwera mbali zonse ziwiri. Kulira kwa kamakina kunayamba kukwera masitepe.

Anamuveka kolala yolimbitsa khosi, koma a Chitsulo sanachotse manja. Njira yonse yopita kuchipatala anagwada kumutu kwa machira, adalaivala akufuula kutsogolo kuti, "Bampu iyo, akulu! Ina iyo!" Mawondo anachita dzanzi. Sanasunthe mpaka madokotala atalandira wodwalayo ndi kutseka chitseko.

Mlongo wawo anafika akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Achimwene! Ali moyo?"

"Akupuma. Zina madokotala sananene, tidikire."

"Ndinadziwa! Atandiuza kuti ndinu mwapita kukamutenga, ndinati Mulungu watuma mwini wake."

A Chitsulo anapukusa mutu. "Watuma awa," anatero, akuloza asisitala amene ankasamba m'manja pa sinki. "Ine zinandikanika. Ndangogwira mutu."

Mlongoyo anawayang'ana ngati sakuwadziwa. Kenaka anapita kukagwira manja onyowa a asisitala, nalira.

M'khonde munali benchi. A Chitsulo anaidutsa, nabwerera, naidutsanso. Pomaliza anakhala. Adalaivala anabwera ndi makapu awiri, nakhala pambali pawo.

"Bwanji, yaluma?"

"Khala chete, iwe."

Mwendo unayambanso kugwedeza benchi, tiyi wa adalaivala n'kutayikira pa buluku. Palibe anadandaula. Onse ankayang'ana chitseko chija.

M'malemba timamva za mtsogoleri amene anakweza manja pa phiri anthu ake akumenya nkhondo, mpaka analema, ndipo anzake awiri anamukhazika pa mwala namugwirira manjawo. Nkhondo sinatayike chifukwa iye anakhala pansi.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akusungireni mpweya wanu ndi wa a m'nyumba mwanu. Tsiku limene manja anu adzanjenjemera, akupatseni mnzanu wokana kuchotsa dzanja paphewa panu, ndipo akumasuleni lilime kuti munene kuti mwalema. Mtendere wake ukhale nanu. Ameni.