Nyanga za Mbawala ya Bwana

Mu 1946 bwana wa nkhalango anabweretsa mbawala zisanu za ku Ulaya n'kuzisiya m'phiri la kumtunda kwa Nsipe, komwe boma linaletsa uzimba. Yamphongo inali ndi nyanga za nthambinthambi. Bambo anga, a Paison, anapatsidwa ntchito yozilondera. M'makalata omwe ankanditumizira kusukulu ya uphunzitsi ankati alendowo amamwa pakasupe mmodzi ndi agwape popanda ndewu, koma anyani akachenjeza za kambuku, nyama zakwathu zimathawa, iwo n'kumangoyang'ana.

Bwana ali kwawo kutchuthi, bambo anapeza nyanga zonse ziwiri zili m'udzu, yamphongoyo ili ndi zilonda pamutu. Kwathu kulibe nyama yomwe imagwa nyanga ili moyo. Kapitawo, a Benson, anati bambo azidula kuti akapereke kwa sing'anga, tsono ayembekezere ndende ya ku Zomba. Bambo sanayembekezere. Anadutsa malire pa Biriwiri wapansi kulowera ku Halale, malungo n'kuwagwetsa asanafike ku Tete. Amene anawaika m'manda anatitumizira chipewa chokha.

Bwana atabwera akuti anaseka, nati nyamazi zimataya nyanga chaka chilichonse. Ine zimenezo ndinali nditaziwerenga kale m'buku. Sindinaganize zowalembera bambo.

Sukulu ndinaisiya. Amayi, a Zelesi, analeka kupita kutchalitchi, ndipo dzina la bambo sankalitchula. Ndikawafotokozera za m'bukumo ankati ndisawapusitse ndi nzeru za azungu. Manong'onong'o a anthu ndikanawapirira, koma amayi enieniwo ankakhulupirira kuti amuna awo anafa ali mbala.

Mvula itayamba ndinawakakamiza kukwera nane phirilo. Tinabisala kuseri kwa thanthwe pafupi ndi kasupe. Anayamba kufika agwape awiri, kenako yamphongo ija, itasenza nyanga zatsopano zokutidwa ndi ubweya ngati wa pichesi.

Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali asanafunse ngati inali yomwe ija. Ndinati yamphongo ilipo imodzi yokha.

“Ndinawauza ndine kuti athawe,” anatero amayi chapansipansi. “Ndinati andichititsa manyazi. Kamba wapaulendo ndinangowaikira pakhomo, osawatsanzika.”

Ndinali ndikuganiza kuti akaona nyangazo apepukidwa mtima. Anakhala pansi m'matope, nayamba kulira maliro omwe anawakana kwa miyezi isanu ndi umodzi. Agwape anathawa. Ine ndinasowa pogwira.