Choyendera cha Apongozi

"Bambo a Chisomo, mukufuna kundiphera amayi inu!"

Zione anawapeza amuna ake, a Jairos, ataima kuseri kwa nkhokwe, maso ali kunjira ya kumjigo. Amayi ake, amene mawondo anawakana chaka chatha, anali atatsika njira imeneyo okha, akukankha chinthu chimene a Jairos anawotcherera: matayala a njinga, zogwirira ziwiri, pokhazika chigubu ndi kampando kopumirapo. Zitsulo ndi makina ake zinachokera ku boma, limene linaitana amisiri a ku Vubwi kuti apange zothandiza okalamba kudzichitira okha zinthu.

Tsiku lomwelo alongo ake a Zione, a Godfrey, anafika ndi galimoto kuchokera ku Katete kudzawatenga mayiwo. Ankati munthu wolephera kudzitungira madzi sangakhale yekha. Mayiwo anakana kusiya nyumba yawo ndi munda wawo wa nsawa, koma sanamveredwe, ndipo Zione nayenso anavomera, mtima ukumuwawa.

Chimene chinamupsetsa mtima n'chakuti chinthucho sichinayezedwe. Mkamwini sayandikira apongozi ake. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. A Jairos atamupempha Zione kuti akawayeze mayiwo ndi chingwe, iye anakana, nati amayi ake si chitseko. Nanga zogwirirazo anaziika pongoganizira?

A Jairos analoza khomo la apongozi awo. Anati zaka zonsezi akuwaonera patali, anaona pamene amagwira potuluka. Thabwa la pamenepo linachita kusalala ndi dzanja lawo. Anakayeza pomwepo eni ake ali kutchalitchi.

Zione asanayankhe, mutu wa duku unatulukira pachitunda.

Mayiwo ankabwera pang'onopang'ono, chigubu chili tho, msana uli chilili. Pansi pa mtengo wa mango anamanga buleki, nakhala pakampando, naseka ndi amayi odutsa. Kenako anadzuka okha, popanda wowagwira. Zione anagwira pakamwa. Anali ataiwala kuti amayi ake ndi aatali chonchi.

A Jairos anabwerera kuseri kwa nkhokwe. Mayiwo anaima pabwalo, nalankhula akuyang'ana kumbali.

"Iwe Zione, uwauze eni nkhokweyo kuti tayala lakumanzere likulira. Anthu aziti ndikuweta mbewa."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuwomba m'manja kwaulemu.

A Godfrey anali ataika kale chikwama cha mayiwo m'galimoto. Anayamba kunena za mvula, za matope, za chipatala kukhala kutali. Zione anapita n'kuchitsitsa chikwamacho, nachikumbatira pachifuwa.

"Achimwene, munati ndi madzi. Madziwo ndi awo, atunga okha. Musayang'ane ine, ayang'aneni iwowo. Mukuwatengeranji tsopano? Ayankheni."