Galu Wobwereka

Adokotala atawayeza amuna anga anapukusa mutu. "Magazi akuthamanga kwambiri, bambo. Muziyenda tsiku lililonse kopita mphepo yabwino, apo ayi mtimawu udzakusiyani panjira."

Kopita mphepo yabwino! Adokotalawo kwathu anafikako? Ukangotuluka pakhomo, ngalande iyo. Udumphe ngalande, njinga yamoto ili pamsana. Malole akulavula utsi, uku zinyalala zikufuka. Tsiku loyamba bambowa anabwerako akutsokomola, nsapato imodzi itatsala m'matope.

Ndiye tinawoloka msewu waukulu kupita kwa anthu a mipanda, komwe mitengo ili ndandanda ndipo woyenda pansi ali ndi kanjira kakekake. Tisanapite patali, mlonda uyu watulukira.

"Mukufuna nyumba ya ndani?"

"Tikungoyenda, achimwene," ndinayankha.

"Kungoyenda? Kuno sayenda chisawawa. Bwererani."

Manyazi ake! Koma maso anga sagona. Ndinaona kuti aliyense woyenda kumeneko wagwira galu pachingwe, ndipo mlondayo sakumufunsa kanthu.

M'mawa mwake ndinakabwereka galu wa neba wathu wowotcherera zitsulo, galu wowonda, khutu limodzi lodyeka. Ndinamusambitsa ndi sopo wochapira n'kumumanga m'khosi lamba wa diresi langa la kutchalitchi.

Mlonda uja anayang'ana galu, n'kuyang'ana ife. "Oo, mwapeza ntchito? Ngwa bwana uti ameneyu?"

"Wa nyumba yakumapeto," anatero amuna anga, osaphethira n'komwe.

"Dutsani. Koma muwauze azimudyetsa."

Tinayenda mpaka thukuta kamukamu. Bambowa osatsokomola ngakhale kamodzi, mpaka kuyamba kuimba mluzu, umene ndinaumva komaliza akundifunsira.

Vuto linabwera pobwerera. Galu ataona msewu waukulu ndi utsi wa kwathu kutsidyako, anadzigwetsa pakapinga, miyendo tambalale. Kumukoka, ayi. Kumunyengerera, angogwedeza mchira.

"Galu iwe, usandichititse manyazi! Kwanu n'kuno?"

"Musiyeni, mayi," anatero amuna anga, akukhala pansi pambali pake. Anakoka mpweya wambiri, dzanja lili pachifuwa. "Nanenso sindikufuna kuwoloka."

Ndinayamba kuseka, koma nditawayang'ana ndinaona kuti iwo sakuseka. Zinandiwawa zedi. Msewu umodzi wokha, abale!

Ndinavula nsapato n'kukhala nawo pakapingapo.